Za madzi a nimu ndi malungo

Mayi, mwafunsa kuti bwanji achipatala amakana madzi a nimu pomwe agogo anu ku Katete analerera ana onse ndi masamba omwewo. Agogo sanalakwe kukhulupirira zomera ayi. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America, ndipo anamupatula koyamba ku France mu 1820. Coartem amene timalandira kukiliniki uja, mbali imodzi ya mphamvu yake ndi ya chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua.

Koma tamvani mmene zinayendera ndi chitsambacho. Mayi Tu Youyou, wasayansi wa ku China, ndi anzake anayesa zomera zambirimbiri, ndipo chitsamba ichi chinkati lero chagwira, mawa chakana. Vuto linali moto: kuwiritsa kunkaononga mankhwala ake. Atawerenga m'buku lamakedzana kuti akale ankangochiviika m'madzi n'kufinya, anasiya kutenthetsa, ndipo mu 1971 tizilombo ta malungo m'mbewa zoyeserapo tinafa. Mphoto ya Nobel anadzalandira mu 2015. Ndiye mphika wathu wobwata ola lathunthu uja, ndani akudziwa chimene chimatsalamo?

Kuyesa kumayambira m'labu, kumene amaweta tizilombo ta malungo totchedwa Plasmodium falciparum m'magazi a munthu n'kuthiramo mankhwalawo pang'onopang'ono, kuti aone mlingo umene ukupha. Kenako mbewa, kuona ngati chiwindi ndi impso zikupirira. Kenako anthu ochepa athanzi, odwala n'kubwera pomaliza. Zomera zambiri zimagwera panjira. Zina zimapha tizilombo m'mbale koma m'thupi ayi, zina zimapha tizilombo ndi mwini thupi yemwe. Kuno kwathu kafukufuku wa malungo amachitika kumalo ofufuzira matenda ku Ndola, ndipo mankhwala asanalowe m'famasi ayenera kulembetsedwa ndi a ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala. Botolo la ku Soweto Market lija silinadutse konseko, ngakhale wogulitsa alumbire bwanji.

Chimene chimandiopsa ine ndi mlingo. Masamba a mtengo wa ku Chawama ndi a ku Chongwe sangafanane mphamvu, a dzinja ndi a chilimwe chimodzimodzi. Thupi likhoza kuzizira, mutu n'kuleka, koma tizilombo tikadali m'magazi, ndipo timene tapulumuka ku mlingo wochepa ndi timene timalimba. Chloroquine tinamutaya tikuona, Zambia n'kusamukira ku Coartem cha m'ma 2003. Pano ku Rwanda ndi ku Uganda apeza kale tizilombo tochedwa kufa ndi artemisinin, mankhwala a m'chitsamba cha Artemisia chija. N'chifukwa chake bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2019 linakana tiyi wa Artemisia, ngakhale ndi chitsamba chenichenicho.

Mwana wanu wodwalayo mupite naye lero kukiliniki akamubaye chala kuyeza malungo, zotsatira sizitenga ndi theka la ola lomwe. Akapezeka nawo, amwe Coartem kawiri patsiku masiku atatu, kasanu ndi kamodzi konse, ndipo mumpatse kaphala kansinjiro kapena mkaka chifukwa mankhwalawa amalowa bwino ndi zamafuta. Akayamba kukomoka kapena kusanza chilichonse, thamangirani naye kuchipatala, musadikire kuti kuche.