Trigonometry ya Form 3: atulutseni anawo panja kaye

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a masamu pa CDSS inayake, akuti ana awo SOHCAHTOA, mawu okumbukirira sin, cos ndi tan aja, amayiimba ngati akwaya koma ukangoitembenuza triangle ija pa bolodi basi kalasi yonse zii, opposite ndi adjacent zasokonekeratu. Ndiye akufunsa kuti atani.

Achimwene, anawo si mbuli ayi, tinangofulumira kuwalowezetsa asanaone chomwe akuyezacho. Ine sindiyambira m'kalasi. Ndimawatengera pa mtengo wa mbendera cha m'ma 9 koloko, tizike ndodo ya mita imodzi, tiyeze mthunzi wake, kenako mthunzi wa mtengo wa mbendera uja, ndiye muwafunse kuti popanda kukwera tidziwa bwanji kutalika kwake? Asiyeni akangane, asokose, pamapeto pake wina amatulukira kuti ngati mthunzi wa ndodo ndi mita 2, ndiye kuti mtengonso ndi theka la mthunzi wake. Ameneyo wapeza tan, kutalika kugawa ndi mthunzi, asanamve dzina lake. Akuti Thales wa ku Greece anayezanso pyramid ya ku Egypt ndi mthunzi womwewu. Kungoti musakayese masana kumayambiriro kwa November kapena mu February, kwathu kuno dzuwa limakhala paliwombo penipeni, mthunzi umathawira kumapazi, ine zinandichititsa manyazi chaka china.

Tsiku lotsatira protractor, kachubu ka bolopeni, ulusi ndi kamwala, mwapanga choyezera angle. Mwana aime mamita 10 kuchokera pamtengo, ayang'ane nsonga yake kudzera m'kachubu kaja, akapeza 30° achulukitse 10 ndi tan 30° yomwe ndi 0.577, apeza 5.77, koma awonjezerepo msinkhu wake kufika m'maso, apa ndi pomwe ambiri amaiwala. Funso la angle of elevation, angle yoyang'ana m'mwambayi, likadzabwera pa MSCE adzangokumbuka mbendera ija.

Za opposite ndi adjacent zo, jambulani triangle yaikulu pansi ndi phulusa, mwana aime pa angle, mbali yomwe akuyang'anizana nayo ndiyo opposite, yochokera pomwe waima kukafika pa 90° ndiyo adjacent. Musamutsireni pa angle inayo aone yekha kuti mayina asintha koma hypotenuse, mbali yayitali koposa ija, ili pompo moyang'anizana ndi 90°. Sin ndi cos zibwere pambuyo pake, SOHCAHTOA kumapeto kwenikweni.

Komanso kalikuleta, abale. Asanayambe chilichonse aliyense adine sin 30, ikapanda kupereka 0.5 ndiye kuti ili pa RAD kapena GRAD, muibwezere pa DEG, ya madigiri, pompo, makamaka zobwereka kwa a Form 4 zija.