Yankho la loya: kodi boma lingakane chipani chozikidwa pa ziphunzitso za Chisilamu?

Bambo wolemekezeka,

Mwandilembera kuti inu ndi anzanu amene mumasonkhana akatha mapemphero a Lachisanu kumbali ya Songani mukulingalira zoyambitsa chipani cha ndale chotsata ziphunzitso za Chisilamu pa nkhani za katangale, katapira ndi chisamaliro cha amphawi, koma ena akuopsezani kuti boma lidzakutsekerani kunja kapena kukumangani monga zinachitikira ku Egypt. Yankho langa ndi lakuti malamulo a dziko lino sapatsa boma mphamvu yokana gulu chifukwa cha chipembedzo cha anthu ake. Amayang'ana zolinga zimene gululo lalemba ndi zimene likuchita. Komabe pali malire, ndipo ndi bwino muwadziwe musanayambe kulemba mayina a mamembala.

Malamulo aakulu a dziko, amene tinayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1994, akupatsani maufulu atatu amene akukhudza nkhaniyi mwachindunji. Gawo 32 likunena za ufulu wopanga gulu ndi kulowa m'gulu, gawo 33 likuteteza chikumbumtima ndi chipembedzo, pamene gawo 40 likupatsa munthu ufulu woyambitsa chipani, kulowamo, kukopa ena kuti alowe ndiponso kuchita kampeni. Maufulu amenewa angathe kuchepetsedwa, koma gawo 44 laika muyeso wokhwima: kuchepetsako kuyenera kukhala kolembedwa m'lamulo, koyenerera, kovomerezeka ndi miyezo ya maufulu a anthu padziko lonse, ndiponso kofunikadi m'dziko la demokalase, ndipo kusaphe phata lenileni la ufuluwo. Mantha a mkulu wa boma, kapena zimene wamva pa wailesi zokhudza mayiko ena, sizifika pa muyeso umenewu.

Kulembetsa chipani kumayendetsedwa ndi lamulo la zipani za ndale la 2018. Mudzafunika anthu osachepera 100 oyenera kuvota m'boma lililonse la dziko lino, malamulo oyendetsera chipanicho, mfundo zake, ndi mayina a atsogoleri ake. Mfundo ya anthu 100 ija musaipeputse, chifukwa ikutanthauza kuti simungadalire Zomba, Machinga ndi Mangochi okha. Mufunika kufika ku Chitipa, ku Likoma ndi ku Nsanje. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi pafupifupi 14 pa anthu 100 alionse m'dziko muno, choncho chipani chotsekera ena khomo chingavutike ngakhale lamulo likanachilola. Mlembi wa zipani ali ndi mphamvu yokana chipani chimene zolinga zake ndi zosemphana ndi lamulo, monga kulimbikitsa tsankho la mtundu kapena la chipembedzo, kufuna kusintha boma mwa ziwawa, kapena kugawa dziko. Apa ndi pamene pagona nkhani yanu. Chipani chonena kuti chimadana ndi katapira chifukwa atsogoleri ake anaphunzira zimenezo kumzikiti sichilakwira lamulo lililonse. Chipani chonena kuti Msilamu yekha ndiye angakhale membala kapena mtsogoleri, kapena kuti Shariya, malamulo a Chisilamu, idzakhala pamwamba pa malamulo aakulu a dziko, chidzakanidwa, ndipo ine sindingakulimbikitseni kukamang'ala kukhoti, pakuti gawo 5 likunena kuti lamulo lililonse losemphana ndi malamulo aakuluwo ndi lopanda mphamvu, ndipo gawo 20 likuletsa tsankho. Ndikulangizaninso kuti dzina ndi chizindikiro cha chipanicho zisakhale za chipembedzo chimodzi.

Zimene anzanu akukuopsezani nazo zinachitikadi, ndipo maboma ambiri akhala akusowa pogwira pa nkhaniyi: akalola gulu lotere kupikisana nawo amaopa kuti likapambana lidzathetsa zisankho, akaliletsa amaopa kuti anyamata ake adzathawira kutchire ndi mfuti. Ku Algeria, chipani cha Chisilamu cha Front Islamique du Salut chinapeza mipando 188 ya aphungu m'gawo loyamba la chisankho cha Disembala 1991. Asilikali analetsa gawo lachiwiri mu Januwale 1992, chipanicho chinathetsedwa, ndipo dzikolo linalowa m'nkhondo yapachiweniweni imene inatenga pafupifupi zaka khumi ndi kupha anthu miyandamiyanda. Ku Egypt, gulu la Muslim Brotherhood, limene Hassan al-Banna analiyambitsa mu 1928, linatulutsa mtsogoleri wa dziko, Mohamed Morsi, pa chisankho cha 2012, koma asilikali anamuchotsa mu Julaye 2013 ndipo pakutha pa chaka chomwecho boma linalengeza kuti gululo ndi la zigawenga. Ku Morocco anatenga njira ina. Chipani cha PJD, chozikidwa pa ziphunzitso za Chisilamu, chinaloledwa kupikisana, chinatsogolera boma kuyambira chitapambana mu 2011, ndipo mu 2021 ovota okha anachitsitsa kuchoka pa mipando 125 kufika pa 13, popanda msilikali kuombera mfuti. Kwa ine monga loya, chitsanzo cha Morocco ndi cholemera kwambiri, chifukwa chikusonyeza kuti gulu likalowa m'bwalo la ndale limayesedwa ndi mitengo ya zinthu, ntchito ndi zipatala monga chipani china chilichonse, pamene gulu loletsedwa limakhalabe ndi mbiri ya ozunzidwa ndipo palibe amene amaliyesa.

Pali mlandu umodzi umene loya wa boma angautchule mukadzakumana kukhoti, choncho ndi bwino muudziwiretu. Ku Turkey, khoti loona za malamulo aakulu linathetsa chipani cha Refah, chozikidwa pa ziphunzitso za Chisilamu, mu 1998, ngakhale kuti mtsogoleri wake, Necmettin Erbakan, anali atakhalapo nduna yaikulu. Nkhaniyo inapita kukhoti la ku Ulaya loona za maufulu a anthu ku Strasbourg, ndipo mu 2003 khotilo linagamula kuti Turkey sinalakwe. Chofunika ndi zifukwa zake. Oweruza sananene kuti chipani chouziridwa ndi chipembedzo ndi choletsedwa. Ananena kuti chipani chingathe kufuna kusintha malamulo malinga ngati njira zake zili zamtendere ndipo kusinthako kukugwirizana ndi maziko a demokalase. Refah inagwa chifukwa cha zimene atsogoleri ake anayankhula poyera zokhudza kugawa nzika m'malamulo osiyana potengera chipembedzo, kukhazikitsa Shariya, ndi kusakana ziwawa momveka. Chigamulochi sichimanga makhoti athu, koma gawo 11 limalola oweruza kuyang'ana milandu yofanana ya mayiko ena. Phunziro kwa inu ndi lakuti zimene mlembi wanu kapena shehe wanu anganene pamsonkhano, kapena kutumiza pa WhatsApp, zidzawerengedwa pamodzi ndi zimene mwalemba m'malamulo a chipani.

Ifenso kuno tinalawapo njira yotsekera gulu kunja. Mboni za Yehova, zimene zinalibe n'cholinga cholamulira dziko, zinaletsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula makadi a chipani, ndipo ambiri anamenyedwa, kuotcheredwa nyumba ndi kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique mpaka chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Amene analemba malamulo a 1994 ankakumbukira zimenezo. Ndi chifukwa chake ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo uli m'gulu la maufulu amene sangaimitsidwe ngakhale pa nthawi ya ngozi yogwera dziko. Makhoti athu aonetsanso kuti saseweretsa nkhaniyi: mu Meyi 2023, khoti lalikulu konkuno ku Zomba linagamula kuti kuletsa ana a Chirasta kulowa m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo ndi kuphwanya malamulo.

Tsopano za ndondomeko. Mlembi wa zipani akakana pempho lanu, funani kuti akupatseni zifukwa zake m'kalata, pakuti gawo 43 likukupatsani ufulu wolandira zifukwa zolembedwa pa chiganizo chilichonse cha boma chokhudza maufulu anu. Mukalandira kalatayo mukhoza kukadandaula kukhoti lalikulu, ndipo muchite zimenezo msanga, chifukwa masiku a apilo ndi owerengeka, ndipo ngakhale pempho loti khoti liunikenso chiganizo cha boma liyenera kuperekedwa miyezi itatu isanathe. Ngati mlanduwo ukukhudza kutanthauzira malamulo aakulu, mkulu wa makhoti angathe kuutsimikiza kuti umvedwe ndi oweruza osachepera atatu. Gawo 46 likukulolaninso kukadandaula kwa Ombudsman kapena ku bungwe la boma loona za maufulu a anthu, ndipo njira zimenezi sizidya ndalama zambiri.

Pa misonkhano ya poyera ndi zionetsero, lamulo la apolisi la 2010 limafuna kuti mudziwitse bwanamkubwa wa boma m'kalata maola osachepera 48 tsikulo lisanafike, ndipo apolisi alandire kope lake. Kumeneku ndi kudziwitsa chabe, osati kupempha chilolezo, koma musakunyalanyaze, chifukwa kukupatsani pepala loonetsa wina akadzati msonkhano wanu unali wachinsinsi. Wina mwa inu akamangidwa, gawo 42 likulamula kuti auzidwe chifukwa chake, aloledwe kuonana ndi loya, ndipo aonekere kukhoti maola 48 asanathe, kapena tsiku loyamba limene khoti likugwira ntchito ngati nthawiyo yathera pa tsiku lopuma.

Chimene ndikuchiopa kwambiri pa gulu ngati lanu ndi ndalama. Thandizo lochokera kunja ndi limene limabweretsa kafukufuku wa apolisi mwachangu, ndipo lamulo la milandu ya zachuma la 2017 limalanga kwambiri kuthandiza zigawenga ndi ndalama. Lamulo la zipani limafunanso kuti zopereka zikuluzikulu ziululidwe kwa mlembi. Tsegulani akaunti ya gulu kubanki, lembani dzina la wopereka aliyense, ndipo musasakanize ndalama za chipani ndi zopereka za kumzikiti kapena za madrasa. Mukamaliza kulemba malamulo a chipanicho ndi mfundo zake, mubwere nazo kuofesi kuno musanazitumize kwa mlembi, kuti tidzaone pamodzi ndime ya umembala, ya kasankhidwe ka atsogoleri, ndi ya malo a amayi ndi anthu a zipembedzo zina m'chipanimo.

Ine loya wanu,
kuno ku Zomba