Boti latsopano, doko lachilendo: yankho kwa achimwene ofuna kukawedza ku Salima

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Lilongwe amene amawerenga zimene ndimalemba pano. Akuti iwo ndi alamu awo asonkherana ndalama n'kugula boti laling'ono la faiba ndi injini ya 15 hosipawa. Akhala akuonera pa YouTube anthu a ku Texas ndi ku Florida akuyendetsa maboti m'madzi osaya, kuponya nangula, kutsika, n'kumawedza ataima m'madzi olekeza m'chiuno. Ndiye akufunsa kuti: kodi zimenezi zingachitike ku Senga Bay, ku Domira Bay kapena ku Chia, malo amene sanayendepo ndi boti? Nanga madzi amaphwa nthawi yanji ndipo amadzaza nthawi yanji?

Achimwene, zikomo polemba musanapite. Zingachitike, koma osati mmene mwaonera m'mavidiyomo, ndipo osati inu awiri nokha pa ulendo woyamba.

Ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri chifukwa ndi lalifupi. Anthu a ku Texas aja amawedza m'madzi amchere olumikizana ndi nyanja yaikulu, kumene madzi amakwera ndi kutsika tsiku lililonse. Nyanja yathu sichita zimenezo. Imakwera ndi kutsika potsata chaka: imadzaza mvula ikamatha, cha mu Epulo ndi Meyi, n'kumaphwa pang'onopang'ono mpaka cha mu Novembala ndi Disembala. Kusiyana kwake kumakhala pafupifupi mita imodzi, ndipo pa gombe lathyathyathya ngati la Salima mita imodzi ndi nkhani yaikulu. Pamene munadutsa bwinobwino mu Meyi, mu Okutobala injini ikhoza kukumba mchenga. Mukumbukirenso chaka cha 2024, pamene nyanja inadzaza mpaka kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu. Madzi akakwera chotero amabisa mipanda, zitsa za mitengo ndi maziko a nyumba, ndipo zonsezo zimadikira pulopela yanu.

Chimene chimalamula nyanja yathu ndi mphepo. Kuyambira mu Meyi mpaka cha mu Ogasiti kapena Seputembala kumaomba mwera, wochokera kum'mwera chakum'mawa. Salima ndi Nkhotakota zili ku gombe la kumadzulo, choncho mafunde amafika atayenda mtunda wautali, atakhwima. Akalowa posaya amafupikirana n'kuimirira, ndipo boti laling'ono limamwa madzi msanga. Anthu ambiri amaganiza kuti posaya m'potetezeka kuposa pakuya. Pa tsiku la mwera sizili choncho, posayapo m'pamene mafunde amaswekera. Nthawi ya dzinja kumabwera mpoto, umene umatha kudzuka mwadzidzidzi pamodzi ndi mvula ya mabingu. A Dipatimenti yoona za nyengo amalengeza pa wailesi ndi pa Facebook akaona kuti mwera ukhala wamphamvu. Akalengeza, musalowe. Ndipo mukafika pa doko m'mawa n'kupeza mabwato onse ali kumtunda, alovi (asodzi a pamalopo) akusoka maukonde pansi pa mtengo, musaganize kuti apuma chabe. Afunseni, muwamvere.

Tsopano nkhani imene ndikufuna muigwiritse kuposa zonse. Pa doko lililonse la asodzi pali komiti ya pagombe, imene anthu amangoti BVC. Mukafika, musathamangire kutsitsa boti. Pitani kwa wapampando, mupereke moni bwino, munene kumene mwachokera ndi chimene mwadzera, kenako mupemphe kuti akupezereni mlovi mmodzi wodziwa malowo woti mukwere naye. Mugwirizane malipiro ake musananyamuke, ndipo mumulipire bwino, chifukwa tsiku limenelo wasiya ntchito yake. Munthu ameneyu amadziwa pamene pali chirundu (mulu wa miyala) pansi pa madzi, pamene mchenga unasunthira dzinja lapitali, pamene mvuu zimagona masana, ndi pamene anzake atchera matchela. Palibe mapu a pa foni amene angakuuzeni zimenezi. Mitsinje ya Linthipe, Lingadzi ndi Bua imathira mchenga ndi matope m'nyanja chaka ndi chaka, ndipo mathiriro ake amasintha. Chithunzi cha satelaiti chimene mukuonacho chikhoza kukhala cha zaka zingapo zapitazo.

Kuti mumvetse kusaya kwa gombe limeneli, taganizirani za Ilala. Sitimayi, imene yakhala pa nyanjayi kuyambira 1951, ikafika ku Nkhotakota imaima patali, anthu ndi katundu n'kumatengedwa pa maboti ang'onoang'ono. Kumeneko kulinso mchenga wautali wa Sungu umene unalowa m'nyanja. Ngati oyendetsa sitima amauopa mchenga umenewo, inunso uopeni.

Mmene mungayendetsere: pang'onopang'ono basi. Mukalowa malo osawadziwa, chepetsani moto mpaka boti liziyenda ngati munthu woyenda pansi mofulumira. Masulani loko wa injini kuti ikagunda chinthu inyamuke yokha. Alamu anu akhale kutsogolo ndi nsungwi yaitali ngati mamita atatu, yolembedwa zizindikiro, azipima kuya. Nsungwiyo imanenanso za pansi: ikamveka kuti khwe ndi mchenga wolimba, ikamira n'kuvuta kuzula ndi matope, ikalira ndi mwala. Pakasaya kufika m'mawondo, zimitsani injini, ikwezeni, muzikankha ndi nsungwi kapena kupalasa ndi nkhafi. Injini ikamayenda m'matope imakoka dothi m'njira ya madzi oiziziritsa, ndipo mukaona kamadzi kotuluka kumbuyo kaja kasiya kutuluka, zimitsani pomwepo.

Phunzirani kuwerenga mtundu wa madzi. Obiriwira moderapo ndi akuya, oyezuka ngati achikasu ndi osaya, chigamba chakuda pakati pa poyera ndi miyala kapena udzu wa pansi. Pamene mafunde akusweka pakati pa nyanja popanda chifukwa chooneka, pali china pansi. Zonsezi zimaoneka bwino dzuwa likakwera ndipo lili kumbuyo kwanu. Ku Salima mukamalowa m'nyanja m'mamawa mumayang'anizana ndi dzuwa, ndipo pobwerera madzulo mumayang'anizana nalonso, choncho nthawi ziwiri zonsezi madzi amangonyezimira osaonetsa pansi. Magalasi a polarised, ochepetsa kunyezimira kwa madzi, amathandiza kwambiri. M'dzinja, pafupi ndi mathiriro, madzi amakhala ofiira ndipo maso sathandiza konse.

Mukangochoka pa doko, cheukani. Gombe la kuno limafanana kwambiri ukaliona uli pamadzi. Sankhani zinthu ziwiri zimene zili pa mzere umodzi, china pafupi china patali, monga mtengo waukulu wa pa doko ndi nsonga ya phiri la Senga, kapena nsanja ya mafoni. Pobwerera, ziwirizo zikalunjikananso ndiye kuti muli m'njira imene munatulukira. Tsegulaninso GPS ya pa foni kuti ilembe njira yanu, koma foniyo ikhale m'pepala la pulasitiki lomanga bwino. Mafuta muwagawe patatu: gawo limodzi popita, lina pobwerera, lachitatu losakhudza. Ndipo poyamba lowerani kumene mphepo ikuchokera, kuti injini ikakana mphepoyo ikukankhireni kwanu.

Samalani ndi mabotolo a pulasitiki kapena tizidutswa toyera toyandama pa mzere. Amenewo ndi matchela a munthu. Mukadula ukonde ndi pulopela mwaononga chuma cha banja lonse, ndipo ndi mlandu umene ukakufikitsani kwa amfumu. Zungulirani patali.

Tibwere pa kutsika m'boti. Apa m'pamene mavidiyo aja angakusocheretseni kwenikweni. Malo amene wowedza wa ku Texas angawakonde, m'mbali mwa bango, pa mathiriro a mtsinje, m'madzi abata a m'thamanda, kuno kwathu ndiwo malo a ng'ona ndi mvuu. Chia, imene ili makilomita pafupifupi 24 kum'mwera kwa boma la Nkhotakota, pamene msewu wa M5 umaoloka pa mlatho, ndi malo okongola ndipo nsomba zilimo. Koma ine sindingakuuzeni kuti mutsike m'boti ku Chia, ngakhale pang'ono. Chimodzimodzi pa mathiriro a Linthipe ndi a Bua, ndi mbali za Domira Bay zimene kuli bango ndi madambo. Kumeneko wedzani muli m'boti, manja ndi miyendo zili m'kati. Ng'ona siionetsa chizindikiro, ndipo m'madzi olekeza m'chiuno munthu sangathamange. Mvuu masana imagona posaya, ikadzidzimuka imathamangira kwakuya. Boti likapezeka pakati pa iyo ndi kwakuyako, imaligubuduza. Yokhala ndi mwana ndiye yoopsa koposa. Mukaona makutu kapena kumva kufwenthera, bwererani mmene munadzera, musayese kuizungulira pafupi kuti mujambule.

Kumene ndingavomere kuti mutsike ndi pa mchenga woyera, wotseguka, wa madzi oonekera mpaka pansi, kutali ndi bango ndi mtsinje, pamene eni mudzi amasamba ndi kukoka makoka tsiku ndi tsiku, ndipo mlovi wanu wavomera. Mbali zina za Senga Bay zili chotero. Kukhale kutayera, osati m'bandakucha kapena chisisira. Musapitirire m'ntchafu. Pansi pa madzi mchenga unaumbika ngati mizere ya m'munda, pena pokwera pena potsika, ndipo pamene mzere womaliza wathera pakhoza kuzama mwadzidzidzi. Choncho muzikhwekhwereza mapazi, ndodo ili patsogolo. Valani nsapato zakale zomanga zingwe chifukwa cha magalasi osweka, mbedza zotayika ndi minga ya milamba. Jombo musavale, zikadzaza madzi zimakukokerani pansi. Jekete yoyandamitsa ikhale pathupi ngakhale mwaima posaya. Mmodzi atsale m'boti nthawi zonse, ndipo nangula akhale wogwira bwino ndi chingwe chotalika kasanu kuposa kuya kwa madzi, chifukwa boti lopanda munthu mphepo imalitenga mofulumira kuposa mmene inu mungasambirire. Chinanso chimene mwaona m'mavidiyo, chomangirira nsomba zogwidwa m'chiuno n'kumazikoka m'madzi, kuno musachite. Nsomba iliyonse ipite m'boti, ndipo kutumbula mukachitire kumtunda.

Pali mdani wina wosaoneka, likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi ndipo timalowa pakhungu. Timachuluka m'madzi odekha a m'bango pafupi ndi midzi, koma ngakhale pa mchenga woyera sindingakulonjezeni kuti mulibe. Chovuta n'chakuti timatuluka kwambiri masana dzuwa likatentha, nthawi yomweyo imene ndakuuzani kuti ndi yabwino poona pansi. Ndiye musakhalitse m'madzi, mukatuluka dzipukuteni mwamphamvu, ndipo pakatha miyezi iwiri pitani kuchipatala mukayezetse. Mankhwala ake, praziquantel, amapha nyongolotsi zikakula, choncho kumwa tsiku lomwelo sikuthandiza.

Mugwira chiyani? Ndi mbedza yaing'ono ndi nyambo ya nyongolotsi kapena nsima yokanyakanya, posaya mupeza makumba, mbaba ndi tinsomba tina ta pamchenga. Ncheni imathamangitsa usipa, ndiye usipa wauwisi kapena kachitsulo konyezimira kamaikopa. Kampango ndi wa m'miyala yakuya ndipo amadya kwambiri usiku, si wa ulendo uno. Chambo musachiyembekezere kwambiri pa mbedza, ndiponso chinachepa m'nyanjamu. Mukaona timaenje tozungulira tokumbidwa bwino pa mchenga, zimenezo ndi zisa za nsomba zoswana, musapondepo. Malamulo a usodzi amaletsa kutenga chambo chosafika masentimita 15 ndi mpasa yosafika masentimita 30. Yaing'ono ibwezereni m'madzi manja anu ali onyowa.

Malo ena ndi oletsedwa. Zilumba za Maleri, Nankoma ndi Nakantenga zili m'dera la Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo kuwedza mkati mwa mamita 100 kuchokera pagombe la zilumbazo n'koletsedwa. Chilumba cha Mbenji chili ndi malamulo ake pansi pa Mfumu Makanjira: chimatsekedwa kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, ndipo mowa suloledwa kumeneko. Ine ndimalemekeza kwambiri dongosolo la ku Mbenji, chifukwa lasunga nsomba kwa zaka zambiri pamene madoko ena akulira. Ku Chia nakonso midzi inapatula malo oswanirana nsomba. Boma limatsekanso usodzi wa zida zina kuyambira mu Novembala kuti chambo chiswane. Musanatsitse boti, dzerani ku ofesi ya za usodzi ku Salima mufunse za chiphaso ndi za masiku otseka a chaka chino, ndipo mufunsenso a Marine, dipatimenti yoona za maboti ndi sitima, za kalembera wa boti lanu.

Pa za nthawi, ndingakusankhireni kumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala, mwera utafooka, mvula isanayambe, madzi ali oyera. Kutentha kwa ku Salima nthawi imeneyo si kwamasewera, ndiye tengani madzi akumwa ambiri ndi chipewa. Tsiku loyamba mbedza zitsale m'galimoto. Yendani ndi mlovi wanu m'mbali mwa gombe la Senga Bay kwa maola awiri kapena atatu, mukuona chilumba cha Namalenje ndi mapiri, iye akulozerani, inu mukulemba pa GPS. Musiye nambala yanu ya foni kwa wapampando wa BVC ndi nthawi imene mubwerere, ndipo mukafika kumtunda mukamuuze kuti mwafika. Domira Bay ndi Chia mudzapite ulendo wina, ndipo kumenekonso mudzapeze mlovi wa komweko, chifukwa wa ku Senga Bay sadziwa njira za ku Chia.