Kuyankha mng'ono wathu wa Folomu 4 pa nkhani ya ma functional group

Mng'ono wanga, ndawerenga funso lako lija loti organic chemistry yakuzunguza mutu, ethane, ethene, ethanol, ethanoic acid zonse zikungomveka chimodzimodzi pomwe MSCE yayandikira. Siya kaye kuloweza mayina ngati vesi ya ku Sande sukulu. Ineyo ndimaphunzitsa ana madzulo kuno ku Area 25 ndipo amene amabwera atafooka ndi topic imeneyi vuto lawo limakhala lomwelo, amalimbana ndi dzina lonse mmalo moyang'ana kagulu kakang'ono ka ma atomu kamene kamapangitsa chinthucho kuchita zomwe chimachita. Kameneko ndi kamene timati functional group.

Taganiza za mpini. Mpini womwewo ukaikako khasu ulima, ukaikako nkhwangwa udula mtengo. Tcheni cha ma carbon chija ndi mpini chabe, ndipo koyambirira kwa dzina kumangokuuza kutalika kwake, meth ndi carbon 1, eth 2, prop 3, but 4, basi. Chitsulo chenichenicho chili kumapeto kwa dzina.

Alkane ndi mpini wopanda chitsulo, ma bond onse ndi single, dzina limathera ndi -ane. Nchifukwa chake samachita zambiri kupatula kuyaka, gasi wophikira amene anthu akudzazitsa m'masilinda m'tauni muno ndi propane ndi butane. Alkene ali ndi double bond C=C, dzina -ene, ndipo ukathiramo bromine water mtundu wake wa olenji uja umatheratu kusanduka ngati madzi, pomwe alkane sausintha. Ethene yemweyo ndi amene amapsetsa nthochi, amayi akamafundika nthochi m'thumba amakhala akutsekera mpweya umenewu ngakhale sautchula dzina.

Tsopano apa ndi pamene ndimafuna umvetse bwino. Ethane ndi mpweya, amawira pa -89 °C. Chotsapo hydrogen mmodzi uikepo -OH, mpini ndi womwewo wa ma carbon 2, koma chomwe wapeza ndi ethanol, chamadzimadzi chowira pa 78 °C komanso chosakanikirana ndi madzi bwinobwino. Chasintha zonsezi ndi ka -OH kaja, kamapangitsa ma molecule kugwirana ndi ma hydrogen bond ngati mmene madzi amachitira. Otcheza kachasu amadalira zomwezi, ethanol amayamba kutuluka nthunzi madzi asanafike pa 100 °C. Ku Dwangwa amapanga ethanol yemweyu kuchokera ku molasses wa nzimbe ndipo amasakanizidwa ndi petulo. Onse okhala ndi -OH ndi ma alkanol, dzina -ol. Koma chonde usaganize kuti gulu likakhala limodzi ndiye kuti thupi lizilandira mofanana, methanol nayenso ndi alkanol koma pang'ono pokha amachititsa khungu mwinanso kupha kumene, ndimawauza ana anga izi chaka chilichonse chifukwa si nkhani ya mayeso yokha ayi.

Ethanol uja akachita oxidise, ndiye kuti akagwirizana ndi oxygen, amayamba wasanduka ethanal, wa gulu la ma alkanal, kagulu -CHO, akapitirira amafika pa ethanoic acid, wa gulu la ma alkanoic acid, kagulu -COOH. Ameneyo ndi amene ali mu viniga uja amatithirira pa tchipisi pa chiwaya, ndi chifukwa chakenso mowa ukakhalitsa pamtunda umasasa. Yesa lero kunyumba, tenga soda wophikira therere uthire viniga, thovu limene lituluke ndi carbon dioxide ndipo ndi mmene umazindikirira alkanoic acid. Ukathira ethanol pa soda yemweyo sipachitika kanthu ngakhale onse awiri ali ndi O ndi H, chifukwa mu -COOH muli C=O pambali pa -OH amene amapangitsa hydrogen uja kuchoka mosavuta.

Pamene ana ambiri amagwa ndi pa alkanal ndi alkanone. Onse ali ndi C=O, koma alkanal kali kumapeto kwa tcheni pomwe alkanone kali pakati, ma carbon mbali zonse ziwiri. Propanal ndi propanone formula yawo ndi imodzi, C3H6O, ndiye ukangowerenga ma atomu sungawasiyanitse, uyenera kujambula. Ukawatenthetsa ndi Fehling's solution, mankhwala a buluu oyesera mu labu, propanal amatulutsa zofiira ngati njerwa, koma ndi propanone mankhwalawo amangokhala buluu momwemo. Propanone umamudziwa kale, ndi acetone uja amachotsera utoto wa m'zikhadabo ku saluni.

Ma alkanoate, ena amati ma ester, amabadwa ukaphatikiza alkanol ndi alkanoic acid, madontho angapo a concentrated sulphuric acid nkutenthetsa pang'ono, kagulu kawo -COO- ndipo amanunkhira ngati zipatso. Dzina limayamba ndi mbali ya alkanol, ethanol ndi ethanoic acid zimapereka ethyl ethanoate ndi madzi.

Ndiye usikuuno tenga kope, ujambule izi bond iliyonse ioneke, CH3CH2CH2OH, CH3COCH3, HCOOH ndi CH2=CHCH3, uzungulize kagulu kaja ndi bolopeni yofiira kenako uwerenge ma carbon, dzina ulembe pomaliza. Uike chithunzi chake pansi pano mawa ndikachoka ku ntchito ndidzakuchongera.