Database imodzi, ma tab ambiri: zingatheke bwanji?

Funso: Akonzi, ine ndimagwiritsa JupyterLite (pulogalamu yolembera ndi kuyendetsa code mu ma notebook) pa browser ndipo database yanga ndi ya SQLite, fayilo yake ili mu OPFS (malo osungira mafayilo a mkati mwa browser). Notebook imodzi imayenda bwinobwino koma ndikangotsegula ina pa tab yachiwiri basi imakana, akuti fayilo ndi yotsekedwa. Palibe njira yoti onse azigwiritsa database imodziyo?

Yankho: Njira ilipo ndithu. Chikuchitika nchoti notebook iliyonse ili ndi kernel yake (chomwe chimayendetsa code) yomwe imayenda mu web worker wakewake (kapulogalamu koyenda kuseri kwa tsamba), ndiye woyambayo akatsegula fayilo ndi createSyncAccessHandle (lamulo lotsegulira fayilo ya mu OPFS) amaigwira yekha mpaka ataisiya, wachiwiri akafika amapeza palibe polowera. Browser imachita dala zimenezi chifukwa anthu awiri akamalemba fayilo imodzi nthawi imodzi data imaonongeka.

Ndiye musalimbane ndi lokoyo. Worker mmodzi yekha akhale mwini wa database, ena onse azingomutumizira SQL (mafunso a ku database) ndi postMessage iye nkumabweza mayankho.

Ambiri amathamangira SharedWorker poti imakhala imodzi pa ma tab onse a origin imodzi (website imodzi), ndipo Safari inaibwezeretsa mu version 16 mu 2022. Koma createSyncAccessHandle siigwira mmenemo, imafuna dedicated worker (worker wa tab imodzi yokha) basi, komanso Chrome ya pa Android yakhala zaka zambiri ilibe SharedWorker, kumbukirani a pafoni. Ine ndimakonda Web Locks. Tab iliyonse imapempha loko ya dzina limodzi ndi navigator.locks.request, yomwe yaipeza ndiyo mtsogoleri, imadzutsa worker wa database, enawo amadikira pamzere uku akutumiza mafunso awo pa BroadcastChannel (njira yotumizirana mauthenga pakati pa ma tab). Mukatseka tab ya mtsogoleriyo loko imamasuka yokha, wotsatira nkutenga udindo. PGlite, yomwe ndi Postgres ya mu browser, imasankhanso mtsogoleri chonchi.

Pomwe muyenera kusamala kwambiri ndi nthawi yosinthanayo. Mtsogoleri akhoza kufa funso lili panjira, ndiye funso lililonse likhale ndi nambala yake kuti mudziwe lomwe silinayankhidwe, koma osangobwereza INSERT (lamulo lowonjezera mzere mu database) mwachisawawa chifukwa mwina inalowa kale ndipo muona mizere iwiri yofanana. Transaction (zolemba zingapo zolowa pamodzi, kuyambira BEGIN mpaka COMMIT) nayonso, notebook imodzi ikayamba BEGIN enawo adikire mpaka COMMIT, apo ayi zolemba zawo zilowerera mu transaction ya mnzawo poti connection ndi imodzi.

Zonsezi ndi za browser imodzi pa kompyuta imodzi. Ngati mukufuna mnzanu aziona data yomweyo kwake, pamenepo pafunika seva.