Kusiyana kwa idea ndi opinion

Achimwene, mwafunsa ngati idea ndi opinion n'chimodzimodzi, poti m'Chichewa onsewa timangoti maganizo. Ayi, amasiyana, ndipo pa mayeso a MSCE ambiri amataya nazo malikisi.

Idea ndi nzeru imene yabwera m'mutu mwanu. Msodzi wa ku Makawa akaganiza zoyanika usipa pathandala kuti usalowe mchenga, imeneyo ndi idea. Opinion ndi mmene inuyo mukuionera nkhani, wina atha kukutsutsani. Mukati chambo cha ku Malombe n'chokoma kuposa cha ku Monkey Bay, mnzanu akana pomwepo. Koma zakuti Shire amatuluka m'nyanja ya Malawi n'kudutsa pa Mangochi pano, imeneyo ndi fact, kutanthauza nkhani yoona yosatsutsika.

Funso likafuna opinion yanu, lembani zakukhosi kwanu mosaopa, bola mupereke zifukwa.