Kodi AI yamvadi mauthenga a zamoyo za m'mapulaneti ena?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa kwathu amene amalondera ku Randburg. Akuti usiku akakhala pa geti amapitirako nthawi ndi TikTok, ndiye vidiyo ina yamuimitsa mutu. Ikuti AI, mapulogalamu a kompyuta ophunzira kuchokera ku zitsanzo, inamva kale mauthenga a zamoyo za m'mapulaneti ena, koma a NASA, bungwe la ku America loona zakuthambo, akubisa. Wafunsa kuti: "Kodi nzoona zimenezi? Nanga makompyutawa amagwira ntchito yanji kumwambako?"

Achimwene, sizoona. Kufika lero palibe munthu kapena kompyuta imene yapeza chamoyo kunja kwa dziko lathu, ngakhale kachilombo kosaoneka ndi maso. Koma funso lanu lachiwirilo ndi limene landikhazika pansi.

Mukukumbuka amayi akamapeta mphale? Lichero silidziwa kukoma kwa nsima, ntchito yake ndi kuchotsa gaga basi. AI nayo ndi lichero, kungoti limapeta mulu woti anthu sangaumalize ngakhale atachezera zaka. Telesikopu ya Kepler, imene NASA inatumiza mu 2009, inkayang'ana nyenyezi pafupifupi 150,000 nthawi imodzi, kudikira kuti ina ithimeko pang'ono pulaneti ikamadutsa kutsogolo kwake. Zili ngati muli ku Randburg komweko n'kumafuna kuona njenjete ikudutsa pa getsi la pa nsanja ya Hillbrow. Mu 2017 Christopher Shallue wa ku Google ndi katswiri wa zakuthambo Andrew Vanderburg anaphunzitsa kompyuta poionetsa zitsanzo zambirimbiri, izi ndi mapulaneti enieni, izi ndi zinyalala. Atailowetsa mu zotsala zimene anthu anazilambalala, inatola Kepler-90i, pulaneti yachisanu ndi chitatu ya nyenyezi yotchedwa Kepler-90. Mu 2021 pulogalamu ya NASA yotchedwa ExoMiner inatsimikizanso mapulaneti ena 301. Komatu kupeza pulaneti si kupeza wokhalamo.

Ndikuganiza kuti vidiyo yanuyo inachokera pa nkhani ya mu 2023. Peter Ma, mnyamata amene panthawiyo anali wophunzira pa University of Toronto, anapanga pulogalamu yopetanso zimene telesikopu ya Green Bank ku America inajambula poloza nyenyezi 820. Inatulutsa zizindikiro zisanu ndi zitatu zachilendo zimene mapulogalamu akale sanazione. Apa ndi pamene a pa TikTok amaimira. Chimene sanena n'chakuti akatswiri atalozanso telesikopu ku nyenyezi zomwezo, kunali zii. Ndipo pa ntchito imeneyi chimene chamveka kamodzi osabwereza sichiwerengedwa umboni.

Vuto lake ndife tomwe, timasokosa kwambiri. Mafoni, GPS, masetilaiti, ndege, zonsezi zimalowerera m'madishi omvera kuthambo. Nkhani imene imandiseketsa ndi ya ku Parkes, ku Australia. Kwa zaka zambiri dishi yawo inkagwira kaphokoso kosadziwika, makamaka nthawi ya nkhomaliro. Mu 2015 anatulukira mwini wake: maikulowevu ya pamalopo. Munthu njala ikamuwawa n'kutsegula chitseko isanazime, kaphokoso kaja n'kutuluka. Ku Parkes komweko mu 2019 kunamveka chizindikiro china cholozera ku Proxima Centauri, nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu. Anachitcha BLC1, nkhani inawanda, koma atafufuza anapeza kuti chinachokera ku zipangizo za anthu pansi pompano.

Za kubisazo, taganizani izi. Ntchito yaikulu yomvetsera mauthenga si ya NASA ayi. Ndi ya Breakthrough Listen, imene mpondamatiki Yuri Milner anakhazikitsa mu 2015 ndi madola 100 miliyoni, katswiri wa sayansi Stephen Hawking ali pambali pake. Ndipo khutu lake lina lili kuno ku South Africa: MeerKAT, madishi 64 ku Karoo, kufupi ndi Carnarvon. Kuyambira mu 2022 makompyuta awo amamvetsera limodzi madishiwo akamagwira ntchito zina, cholinga chawo n'kufika nyenyezi miliyoni imodzi. Chizindikiro chenicheni chitamveka, pafunika matelesikopu a m'maiko ena achitsimikize. Anthu ambiri chonchi, a m'maiko osiyana, aliyense akufuna dzina lake litchuke, angasunge chinsinsi? Ife pa gulu la WhatsApp la maliro la anthu makumi awiri timalephera.

Kumene ine ndimaiona AI ikugwira ntchito yooneka ndi ku Mars. Uthenga wa wailesi kuchokera kuno umatenga mphindi zochepa Mars ikayandikira, koma umapitirira mphindi 20 ikatalikira. Galimoto simungaiyendetse chonchi, pofika poti muponde buleki ili kale m'dzenje. Ndiye kagalimoto ka Perseverance, kamene kanatera m'chigwa cha Jezero pa 18 February 2021, kamadzionera kokha njira n'kumazemba miyala. Kanzake ka Curiosity kuyambira mu 2016 kamatha kusankha kokha mwala woti kauwombere ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser n'kuona zimene zili m'kati, eni ake kuno asanalamule.

Mu July 2024 Perseverance inapeza mwala umene anautcha Cheyava Falls, wa timadontho ngati mawanga a kambuku. Mu September 2025 a NASA analengeza poyera, osati mobisa, kuti mwina timadonthoto tinasiyidwa ndi tizilombo ta kalekale. Mawu ndi akuti mwina, chifukwa miyala nayo payokha itha kupanga zofanana nazo. Kuti zidziwike, kachidutswa kamene inaboola kayenera kubwera kuno kadzapimidwe ndi anthu mu labotale, ndipo pamene ndikulemba pano kakadali ku Mars komweko, m'kachubu kotseka.